Mphika, pulagi ndi phiko la ndege: nkhondo yolimbana ndi mng'alu

Mayi wodziwa kugula mphika sayamba ndi kufunsa mtengo. Amaunyamula, amautembenuza, kenako amaugogoda ndi chala chopinda, khutu lili pafupi. Ukalira mawu otalika, omveka bwino, ndiye kuti ndi wabwinobwino. Ukangomveka ngati wagogoda dzungu, amaubwezera pansi ngakhale ukhale wokongola chotani. Akudziwa kuti penapake pali mng'alu umene maso sakuuona, ndipo tsiku lina nyemba zili pamoto, mng'aluwo udzayenda.

Nkhani yonse ya zipangizo zimene mainjiniya amazitcha ceramics ndi composites (zinthu zophatikizidwa ziwiri kapena kuposerapo) yagona pa mng'alu umenewu. Choyera chija cha pa pulagi ya galimoto, dzino loikirira, nsonga imene imaboola mwala pokumba mjigo, phiko la ndege ya Boeing 787, zonsezi zinatheka anthu atamvetsa chifukwa chake mphika umasweka pamene msomali umangopindika, ndiponso atapeza njira zoimitsira mng'alu usanatulukire mbali inayo.

Ceramic ndi chinthu cholimba chimene si chitsulo, si pulasitiki, si mtengo, ndipo kawirikawiri chimalimba chikadutsa pamoto. Njerwa zowotcha, matailosi, mbale zadothi ndi mtsuko ndi banja limodzi. Za mainjiniya zimasiyana ndi zimenezi chifukwa sizichokera ku dongo lokumba kudambo, lomwe limabwera ndi mchenga, mizu ndi zina zosadziwika. Zimachokera ku ufa woyengedwa m'fakitale, wosalala kwambiri moti kanjere kake kamodzi kamakhala ngati gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Zodziwika kwambiri ndi alumina, zirconia, silicon carbide ndi silicon nitride.

Tengani msomali muumenye molakwika. Upindika. Muuike pamwala muuwongole, ugwiranso ntchito. Chimene chachitika m'kati mwake n'chakuti maatomu (tinthu tosaoneka ndi maso timene timapanga chinthu chilichonse) a chitsulo, omwe amakhala m'mizere, atsetsereka mzere pa unzake koma osatayana. M'chitsulo atomu ilibe mnzake mmodzi amene yamangika naye. Zonse zimagwiridwa pamodzi ndi maelekitironi (tinthu tating'ono kwambiri ta mu atomu tonyamula mphamvu ya magetsi) amene amayenda paliponse, choncho atomu ikasuntha imangogwirana ndi ina imene yaipeza kutsogoloko. Maelekitironi oyendayenda omwewo ndiwo amachititsa kuti magetsi azidutsa m'waya.

Mu ceramic atomu iliyonse yamangika kolimba ndi anzake enieni, pamalo pake penipeni. Mu alumina, aluminiyamu ali ndi mphamvu ya positive, okosijeni ali ndi ya negative, ndipo akhala mosinthanasinthana. Mzere ukati usunthe pang'ono, zofanana zimayang'anizana n'kukankhana. Ndiye mzere susuntha.

Ubwino wonse wa ceramic ukuchokera pamenepa. N'chouma gwa: pa muyeso wa kuuma kwa miyala wotchedwa Mohs, pomwe dayamondi ali pa 10, alumina ali pa 9, silicon carbide kupitirirako pang'ono, pamene mpeni wachitsulo uli cha pa 6. Moto umavutika kumasula zomangira zake: aluminiyamu wa mapoto athu amasungunuka pa madigiri 660, chitsulo cha pa 1,500, koma alumina amapitirira 2,000 ndipo zirconia amafika cha pa 2,700. Popeza maelekitironi ake ndi omangika, zambiri sizilola magetsi kudutsa. Dzimbiri nalo silizigwira, chifukwa alumina ndi aluminiyamu amene anagwirizana kale ndi okosijeni, ndipo palibenso chimene mpweya ungamuchite.

Koma chinthu chosatha kupindika chikalemedwa chili ndi njira imodzi yokha yopumira, ndiyo kung'aluka.

Amene anafotokoza bwino zimenezi ndi Alan Arnold Griffith, injiniya wa ku Britain amene ankagwira ntchito pamalo ofufuza za ndege ku Farnborough. Cha m'ma 1920 iye anavutika ndi funso ili: ukawerengera mphamvu ya zomangira za maatomu, galasi liyenera kukhala lolimba kuwirikiza pafupifupi ka 100 kuposa mmene limakhaliradi. Nanga mphamvu yotsalayo imapita kuti? Anakoka galasi losungunuka kukhala ulusi, ndipo anapeza kuti ulusiwo ukamawonda, kulimba kwake poyerekeza ndi kukula kwake kumakwera. Yankho linali lakuti galasi lililonse lili ndi timing'alu tosaoneka, ndipo ulusi woonda kwambiri ulibe malo osungira mng'alu waukulu.

Aliyense amene anagulapo chitenje anaona kale mmene mng'alu umagwirira ntchito. Wogulitsa nsalu sang'amba ndi mphamvu. Amadula pang'ono m'mphepete ndi sizasi, kenako kukoka kamodzi, nsalu yonse yagawanika. Mphamvu yonse ya manja ake yasonkhana pa ulusi umodzi wa pansonga pa podulapo, ndipo ukaduka umenewo mphamvuyo imasamukira pa wotsatira. Wodula magalasi a mawindo amachita chimodzimodzi: amangolemba mzere umodzi n'kuthyola. M'chitsulo, maatomu a pansonga pa mng'alu amatsetsereka, nsongayo imabuntha, mng'alu umaima. Mu ceramic nsonga imakhalabe yakuthwa, ndipo ikangoyamba ulendo imathamanga kupitirira kilomita imodzi pa sekondi.

Apa pakutuluka malamulo awiri amene wogwiritsa ntchito ceramic sangawanyalanyaze. Loyamba n'lakuti kupanikiza kumatseka mng'alu pamene kukoka kumautsegula, ndipo n'chifukwa chake ceramic imapirira kupanikizidwa kuwirikiza pafupifupi ka 10 kuposa kukokedwa. Chipilala cha njerwa chimasenza denga zaka ndi zaka, koma njerwa yomweyo mukaiika pakati pa miyala iwiri n'kuiponda, yathyoka. Lachiwiri n'lakuti zipangizo ziwiri zochokera mu uvuni umodzi sizilimba mofanana, chifukwa chilichonse chimasweka malinga ndi mng'alu wake waukulu koposa, ndipo chachikulu chimakhala ndi mpata wochuluka wobisa mng'alu woipa. Masamu owerengera mwayi woterewu anawakhazikitsa ndi Waloddi Weibull wa ku Sweden mu 1939, ndipo akugwirabe ntchito mpaka lero.

Palinso mdani wina amene tinakumana naye tili ana. Dontho limodzi la madzi likagwera pa galasi lotentha la nyali ya parafini, limati thi, lang'aluka. Pamene pagwera madzipo pazizira n'kuyamba kufupika, pozungulira pakadali potentha, ndiye pozizirapo pakukokedwa mbali zonse. Oumba mbiya anapeza mankhwala ake kalekale. Amasakaniza dongo ndi mchenga kapena mapale osinja, ndipo mphika wotere umakhala ndi timipata tambirimbiri timene timasokoneza mng'alu. N'chifukwa chake mphika wa kumudzi ndi Chitetezo Mbaula zimakhala pamoto tsiku ndi tsiku pamene mbale yosalala ya mu sitolo singayerekeze. Mainjiniya amathana ndi vutoli posankha ceramic imene sifutukuka kwambiri ikatentha, monga silicon nitride, kapena imene imamwaza kutentha msanga, monga silicon carbide.

Popeza ceramic yowotcha kale sungaiseme ndi chitsulo, amaiumba isanapse. Ufa uja amausakaniza ndi chomatira pang'ono, amaupanikiza m'chikombole, n'kuuwotcha mu uvuni. Alumina amawotchedwa cha pa madigiri 1,600, pamene moto wa nkhuni wowotchera miphika sufika ngakhale pa 1,000. Ufawo susungunuka ayi. Tinjere timangomatana pamene takhudzana, timipata timatsekeka, ndipo chinthucho chimafupika ndi magawo 15 mpaka 20 pa 100 alionse. Pamene pakufunika muyeso weniweni amapala ndi mwala wa dayamondi, ndipo kawirikawiri apa ndi pamene mtengo umakwerera. Kafumbi kamodzi kogwera mu ufa kamasanduka mng'alu wobisika. Ntchito yonseyi ndi yaukhondo ndi kuleza mtima.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti miyala yoyambira ntchito imeneyi ili pansi pa mapazi athu. Alumina amayengedwa kuchokera ku bauxite, ndipo bauxite alipo pa phiri la Mulanje. Zirconia amachokera ku zircon, amene amapezeka mu mchenga wolemera wa m'mphepete mwa nyanja monga ku Makanjira. Dongo labwino la ku Linthipe ku Dedza ndi lodziwika kwa nthawi yaitali. Sindikunena kuti tikumbe Mulanje, phiri limene limamwetsa anthu ambiri madzi, ndiponso kuyenga miyala imeneyi kumadya magetsi ochuluka. Koma zotetezera mawaya pa mapolo a magetsi, matailosi, njerwa zopirira moto ndi zosefera madzi si zinthu zakumwamba. Ndi dongo, uvuni wabwino ndi anthu ophunzitsidwa kuyeza.

Ceramics zimenezi timazigwira tsiku lililonse osadziwa. Choyera cha pa pulagi ndi alumina, ndipo ntchito yake ndi kusunga mavoti opitirira 20,000 kuti asathawire m'mbali, kwinaku nsonga yake ili m'moto umene ukuphulika kambirimbiri pa mphindi. Silicon carbide, amene Edward Acheson wa ku America anamupanga mu 1891, ali pa mapepala opalira ndi pa madisiki odulira miyala, komanso m'mapampu a madzi pamene mbali ziwiri zimakhulana zaka zambiri osadontha. Mu foni muli timakapasita (tizipangizo tosunga magetsi kwa kanthawi) mazanamazana ta ceramic yotchedwa barium titanate. Laita ya gasi imene imati tcha ukaidina, ndi makina ojambulira mwana ali m'mimba kuchipatala, zonse zimadalira ceramic imene imatulutsa magetsi ikapanikizidwa ndi kunjenjemera ikapatsidwa magetsi.

Koma zirconia ndiye woyenera kuimapo, chifukwa mwa iye anthu anaphunzitsa ceramic kudziteteza yokha. Maatomu a zirconia amatha kukhala m'makhalidwe angapo. Akatentha kwambiri amakhala mothinana, ndipo akamazizira amasinthira ku kakhalidwe kena kofutukuka ndi magawo pafupifupi 4 pa 100. Kufutukukaku kumaswa chinthu chikadali mu uvuni, ndipo kwa nthawi yaitali zirconia wosasakaniza ankaoneka wopanda ntchito. Mu 1975 akatswiri atatu a ku Australia, Ron Garvie, Richard Hannink ndi Terry Pascoe, anasonyeza kuti vuto lomwelo lingasanduke chida. Ukathiramo pang'ono mankhwala ena monga a calcium, magnesium kapena yttrium, tinjere timatsekeredwa m'kakhalidwe kothina kaja ngakhale titazizira, ngati msampha wotchera. Mng'alu ukafika, mphamvu ya pansonga pake imafwamphula msamphawo. Tinjere tozungulira nsongayo timafutukuka nthawi yomweyo n'kuufinya mng'aluwo mbali zonse ziwiri. Mng'alu umadzitsekera wokha njira. Zirconia wotere amakana kung'aluka kuwirikiza kawiri kapena katatu kuposa alumina, ndipo ndi amene madokotala a mano amavekera mano masiku ano.

Msampha wotchera ungathenso kufwamphuka wokha. Madokotala anayamba kuika mitu ya fupa la m'chiuno ya alumina mu 1970, pamene Pierre Boutin anachita opaleshoni yoyamba yotere ku France, ndipo kenako ambiri anasamukira ku zirconia. Mu 2001 mitu mazana angapo yopangidwa ndi kampani ina ya ku France inasweka ili m'matupi mwa anthu, kampaniyo itasintha kawotchedwe kake. Chinyezi cha m'thupi chinkafwamphula tinjere ta pamwamba pang'onopang'ono mpaka pamwambapo panafumbutuka. Lero mitu yambiri imapangidwa ndi alumina wosakaniza ndi zirconia pang'ono, kuti wina aphimbe chofooka cha mnzake.

Kusakaniza kotereku kwatifikitsa ku banja lachiwiri. Composite ndi zinthu ziwiri kapena kuposerapo zophatikizidwa koma osasungunukirana, chilichonse chikugwira ntchito imene chinzake sichingathe. Onani nkhokwe yolukidwa ndi nsungwi n'kumatidwa ndi dothi. Dothi palokha likanang'aluka n'kugwa, nsungwi pazokha zikanalowetsa makoswe ndi anankafumbwe. Nsungwi zikusenza kukoka, dothi likutseka ndi kugwira nsungwizo pamalo pake. Mu composite iliyonse ya m'fakitale muli awiri omwewa: ulusi umene umasenza katundu, ndi chomata chimene chimagwira ulusiwo, kuugawira katundu ndi kuuteteza.

Mtengo nawo ndi composite yachilengedwe, ndipo owaza nkhuni amadziwa khalidwe lake lalikulu. Nkhwangwa ikatsata mitsempha, chikuni chimagawanika kamodzi. Ikadutsa mopingasa, thukuta litsika. Composite ndi yolimba kumene ulusi waloza, ndi yofooka mopingasa. Opanga pulayiwudi anathana nazo posanja timatabwa topyapyala, kena choloza uku kena chopingasa. Opanga ndege amachita zomwezo ndi nsalu za ulusi, chigawo pa chigawo, chilichonse choloza kumene katundu adzachokere. Chitsulo umachilandira mmene chilili, cholimba mofanana mbali zonse. Composite umailuka malinga ndi ntchito yake, ndipo ukalakwitsa kumene katundu adzachokere, walakwitsa zonse.

Composite imene tili nayo yambiri kuno kwathu ndi konkire ya zitsulo m'kati. Konkire ili ngati ceramic: imapirira kupanikizidwa, imalephera kukokedwa. Joseph Monier, wolima maluwa wa ku France, anatopa ndi miphika ya simenti yong'aluka, anaikamo mawaya, ndipo mu 1867 analembetsa luso lakelo. Mwayi waukulu n'ngwakuti chitsulo ndi konkire zimafutukuka pafupifupi mofanana zikatentha, komanso simenti imateteza chitsulo ku dzimbiri. Koma chitsulocho chiyenera kukhala kumene kuli kukoka. Lintala ya pamwamba pa chitseko ikalemedwa imafuna kupindikira pansi, ndiye kumunsi kwake ndi kumene kukukokedwa, ndipo zitsulo zikhale kumunsi. Khonde lolendewera lopanda chipilala limakokedwa kumtunda, ndipo zitsulo zikhale kumtunda.

Ndinaonapo silabu ya chimbudzi cha dzenje ikuthiridwa, mmisiri atagoneka zitsulo mwachindunji pa matabwa, popanda kuzikweza ndi timiyala. Atachotsa matabwa, zitsulo zinkaonekera kunsi ngati nthiti za galu wowonda. Mwini nyumba anakondwa poona kuti zitsulo zilimodi, sanabedwe. Koma chitsulo chopanda konkire yochikuta masentimita angapo chimachita dzimbiri, makamaka pamwamba pa dzenje lachinyezi. Dzimbiri limafutukuka kuposa chitsulo chimene lachokerako, limatumphula konkire, ndipo tsiku lina silabu imagonja pali munthu. Zinthu zonse zoyenera zinagulidwa. Cholakwika chinali masentimita atatu okha.

Tsopano kumbukirani ulusi wa Griffith. Ulusi wagalasi ndi wolimba kwambiri, koma ukangokalika pang'ono waduka, ndipo sungamange nawo kanthu uli wokha. Utomoni wa pulasitiki wouma nawo ndi wosachedwa kusweka. Chodabwitsa n'chakuti ukaphatikiza zosweka ziwirizi umapeza fibreglass, imene ungaimenye ndi nyundo osaphwanyika. Chinsinsi chili pamalire a ulusi ndi utomoni. Mng'alu ukadula ulusi umodzi sulumphira pa wotsatira mwachindunji. Umafika pamalirepo n'kukhota, kutsata m'mbali mwa ulusi, ndipo kuti chinthucho chiduke pamafunika kusolola maulusi masauzande mmodzimmodzi. Zili ngati kuthyola nzimbe: yathyoka koma mitsempha ikugwirabe. Ndiye kumata kwa ulusi ndi utomoni kusakhale kofooka, komanso kusakhale kolimba mopitirira, chifukwa kukalimbitsitsa mng'alu umangodutsa ngati m'galasi limodzi.

Kampani ya Owens-Corning, imene inakhazikitsidwa ku America mu 1938, ndiyo inafalitsa ulusi wagalasi. Lero fibreglass ili m'maboti, m'matanki, pa makanope a mapikiapu, m'timabolodi tobiriwira ta m'wailesi ndi m'foni, ndi m'mapiko a makina opanga magetsi ndi mphepo, ena otalika kupitirira mamita 100. Siichita dzimbiri, chiswe sichiidya, ndipo ikabooka imamatika ndi nsalu yagalasi, utomoni ndi bulashi.

Pali composite ina imene ndiyenera kuitchula ndi chenjezo. Malata a asbestos, amene afolera nyumba zambiri ku Zimbabwe, ku Zambia ndi nyumba zina zakale kuno, ndi simenti yolimbitsidwa ndi ulusi wa mwala, wokumbidwa m'migodi monga ya ku Zvishavane ndi Mashava. Pa ntchito yake ndi yabwino: siyaka, siichita dzimbiri. Koma fumbi lake likalowa m'mapapo silituluka, ndipo limayambitsa khansa patapita zaka makumi angapo. South Africa inaletsa asbestos mu 2008. Lata lotere likakhala lathunthu padenga chiopsezo n'chochepa, koma kulidula ndi galayinda kapena kuliphwanya louma ndi kudzipha pang'onopang'ono.

Ulusi umene unasintha ndege ndi carbon fibre. Amayamba ndi ulusi wa pulasitiki wofanana ndi wolukira majuzi, amauwotcha pang'ono mumpweya pa madigiri 200 mpaka 300, kenako pa madigiri opitirira 1,000 mopanda okosijeni, mpaka kutsala kaboni yekha woyalana motsata kutalika kwa ulusiwo. Ulusi umodzi ndi woonda pafupifupi ka 10 kuposa tsitsi. Akio Shindo wa ku Osaka ndiye anayamba njira imeneyi cha m'ma 1960, ndipo akatswiri a ku Farnborough komwe kuja anaikonza bwino mu 1963. Ukaumata ndi utomoni wa epoxy umapeza chinthu cholimba ngati chitsulo kumene ulusi waloza, koma lita imodzi yake imalemera makilogalamu 1.6, pamene ya aluminiyamu ndi 2.7 ndipo ya chitsulo ndi 7.8.

Chiyambi chake chinali chowawa. Rolls-Royce inapanga mapiko a kutsogolo kwa injini ya ndege ya RB211 ndi ulusi umenewu. Ankazungulira bwinobwino, koma poyesa kuponyamo mbalame anaphwanyika, chifukwa nkhonyayo inabwera mopingasa, kumene ulusi sunaloze. Kubwerera ku mapiko a chitsulo cha titanium kunawonjezera pa mavuto a ndalama amene anagwetsa kampaniyo mu 1971, mpaka boma la Britain linaitenga. Panapita zaka 40 kuti ndege yaikulu yonyamula anthu yokhala ndi thupi ndi mapiko a carbon fibre iyambe ntchito. Boeing 787 inayamba kunyamula anthu mu 2011, theka la kulemera kwake lili composite, ndipo Ethiopian Airlines inali yoyamba mu Africa kuilandira mu 2012. Popeza thupi lotere silichita dzimbiri ndiponso silitopa msanga ndi kufutukuka ndi kufupika kwa ulendo uliwonse, mawindo ake ndi aakulu ndipo mpweya wa m'kati ndi wochuluka komanso wachinyezi kuposa wa ndege zakale za aluminiyamu.

Mabanja awiriwa amakumananso. Nsonga zoboolera mwala pokumba mjigo, ndi kachidutswa kaja ka pansonga pa chobowolera khoma, ndi tinjere touma ta tungsten carbide tomatidwa ndi chitsulo cha cobalt, luso lochokera ku Germany mu 1923. Chovala choteteza ku zipolopolo zamphamvu chimakhala ndi mbale ya ceramic kutsogolo, imene imaphwanya chipolopolo iyo nayo ikuphwanyika, ndipo kumbuyo kuli nsalu ya ulusi monga Kevlar, umene Stephanie Kwolek anautulukira mu 1965, yogwira zidutswazo.

Pamwamba pa zonse pali ceramic yolimbitsidwa ndi ulusi wa ceramic. Utomoni wa pulasitiki sungapirire moto wa m'injini ya ndege, ndiye amatenga ulusi wa silicon carbide, kuukuta ndi kachigawo kopyapyala koterera, n'kuumata ndi silicon carbide yemweyo. Kachigawo kotererako ndiko kamakhotetsa mng'alu, monga zimachitikira mu fibreglass. Injini ya LEAP, yopangidwa ndi GE ndi Safran, imene inayamba ntchito mu 2016 ndipo ili pa ndege za Airbus A320neo ndi Boeing 737 MAX, ili ndi zipangizo zotere kumene kuli kotentha kwambiri. Zimapirira madigiri pafupifupi 1,300, zikulemera gawo limodzi mwa magawo atatu a zitsulo za nickel zimene zinalowa m'malo mwake. Injini ikamayaka motentha kwambiri imamwa mafuta ochepa, ndipo mpikisano wonse wa opanga injini uli pamenepo.

Ndisakusiyeni mukuganiza kuti mng'alu unagonjetsedwa. Composites n'zodula. Utomoni wake ukauma susungunukanso, choncho chitsulo chakale chimagulidwa n'kubwerera mu ng'anjo pamene mapiko akale a makina a mphepo ambiri amangokwiriridwa. Ndipo vuto lalikulu koposa n'lakuti zimabisa bala. Aluminiyamu akagundidwa amabonyoka, aliyense amaona. Carbon fibre ikagundidwa pamwamba pamatha kukhala posalala, koma m'kati zigawo zamatuka.

Pa 16 Januwale 2003, chombo cha m'mlengalenga cha Columbia chitangonyamuka masekondi pafupifupi 82, chidutswa cha thovu louma chosakwana kilogalamu imodzi chinatumphuka pa thanki ya mafuta n'kumenya kutsogolo kwa phiko lamanzere pa liwiro la makilomita opitirira 800 pa ola. Mbali imeneyo inali ya kaboni wolimbitsidwa ndi ulusi wa kaboni, wopirira kutentha kwakukulu koma wosapirira nkhonya. Oyang'anira anaona kugundako pa kanema ndipo anaganiza kuti si koopsa. Pa 1 Febuluwale, pobwerera, mpweya wotentha unalowa pabowolo n'kusungunula phiko kuchokera m'kati, ndipo anthu onse 7 anafa. Zaka 20 pambuyo pake, pa 18 Juni 2023, kachombo koyenda pansi pa madzi ka Titan, kokhala ndi thupi la carbon fibre, kanaphwanyika kakutsikira kumene kunamira sitima ya Titanic, mamita pafupifupi 3,800 pansi pa nyanja, ndipo anthu 5 anafa. Ulusi umalimba pokokedwa, koma pansi pa nyanja madzi amapanikiza, ndipo ofufuza a ku America anapeza kuti zigawo za thupilo zinali zitayamba kale kumatuka pa maulendo am'mbuyo.

N'chifukwa chake ntchito yaikulu ya osamalira ndege za masiku ano ndi kufunafuna bala losaoneka. Ali ndi makina otumiza mafunde a mawu m'kati mwa phiko n'kumvetsera mmene akubwererera, ofanana ndi aja ojambulira mimba. Ali ndi makamera oona kutentha, amene amasonyeza pamene zigawo zasiyana. Koma pa zigawo zopyapyala njira yoyamba ikadali yakale ija. Mmisiri amatenga kanyundo kakang'ono, ena amatenga ndalama yachitsulo, n'kuyenda nako pang'onopang'ono akugogoda, khutu lili pafupi. Pabwino pamalira mawu akuthwa. Pamene zigawo zamatuka pamamveka mawu akufa, ndipo iye amazunguliza malowo ndi cholembera n'kuitanitsa makina. Mwini boti la fibreglass limene lagunda mwala angachite chimodzimodzi ndi chogwirira cha sikuludiraiva asanalibwezere m'madzi.